Mphindi Zinayi za Mvula

Anderson atapita ku Joni, vidiyo sho ya a Stafford inayamba kufa. Kanali kanyumba ka malata kunja kwa geti la esiteti ya tiyi, kokhala ndi mabenchi asanu ndi atatu, TV yaikulu, sipika imodzi ndi jenereta kuseri. Chimene chinkadzazitsa anthu m'menemo chinali pakamwa pa Anderson. Iyeyo ndi amene ankamasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo ankamasulira mmene wafunira. Msilikali wa ku China ankasanduka wa ku Bvumbwe, mfumukazi n'kumadandaula kuti kalongonda sanapse. Atachoka, anthu ankangosuzumira pakhomo, akamva Chingerezi n'kubwerera.

Mpamene a Stafford anakumbukira kuti ali ndi mlamu. Esnat anali mng'ono wa akazi awo, a Alesi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, anafika Fomu 4 ndipo Chingerezi anakhoza bwino, koma ntchito imene anaipeza inali yomwe amayi ake anakalamba nayo: kuthyola tiyi, dengu kumsana. Nthawi yopuma masana ankakhala pamthunzi wa shedi yoyezera masamba n'kumaonera makatuni a ku Japan pa foni ya galasi long'aluka. Akapitawo awo, a Jacob, ankamuseka kuti munthu wamkulu ngati iye akuonera zidole. 

Iye sankangoonera chilichonse chimene wachipeza. Anali ndi anthu ake atatu amene ankawatsata. Woyamba anali mayi wina wotsogolera mafilimu, amene nkhani zake zinalibe mfuti kapena zilombo, koma anthu wamba ophika, okangana ndi okhululukirana mochedwa. Wachiwiri anali mkulu wina amene ntchito yake inali kujambula za kumbuyo zokhazokha, mapiri, madenga ndi mitambo. Wachitatu Esnat ankamuzindikira ndi manja. Munthu akamasenda mbatata m'filimu, zala n'kumagwira mpeni mmene zala zimagwiriradi, iye ankadziwa kuti ndi yemwe uja, ndipo akadikira mayina kumapeto ankapeza kuti sananame. Mayina onsewo anawalemba m'kope, pamodzi ndi mafilimu amene aliyense anagwirako ntchito.

A Stafford atamupempha kuti aziwamasulira mafilimu, Esnat anavomera, koma anati pa mafilimu atatu aliwonse, imodzi azisankha yekha. Iwo anati palibe vuto. Esnat anamasulira mafilimu awiri a karate, akuwerenga mawu a Chingerezi a m'munsi n'kumayankhula pa maikolofoni ya laputopu. Anaikamo nthabwala zake ndi Chilomwe pang'ono, ndipo mabenchi anadzazanso. A Stafford anayamba kumutchula kuti alamu anga okondedwa.

Yachitatu inali ya mayi wa ku Japan uja, ndipo anthu ake onse atatu anali m'menemo. Inali nkhani ya mkazi wina wa m'tauni amene bambo ake atamwalira anabwerera kumudzi kukagulitsa munda wawo wa tiyi, koma akuchedwachedwa kusaina mapepala anayamba kuthyola. Esnat atayionera koyamba anaimika foni pa chithunzi chimodzi n'kuyang'ana nthawi yaitali. Mizere ya tiyi inkakwera phiri mokhotakhota ngati ya kwawo konkuno, nkhungu itagona m'zigwa mmene chiperoni amagonera mwezi wa Juni. Mkaziyo akamathyola ankatenga masamba awiri ndi nsonga, chala chachikulu chikukankhira m'mwamba. Amene anajambula zimenezi anaimapo m'munda, mame atamunyowetsa mpaka m'chiuno.

Esnat anajambula mawu a Chichewa a filimuyo Loweruka masana kunyumba kwa a Stafford. Eni ake anakhala pambali akumvetsera, ndipo pamene filimu inkapita nkhope yawo inkagwa. Anafunsa kuti kumenyana kuyamba liti. Esnat anati kulibe. Anafunsa ngati bambo womwalirayo adzuke ngati mzukwa. Anati ayi. Kenako panafika pamene mkazi uja wakhala pakhonde la nyumba ya bambo ake, mvula ikugwa padenga ndi pamunda, osayankhula kanthu kwa mphindi zinayi. Esnat anachotsa pakamwa pa maikolofoni n'kupinda manja.

“Alamu, yankhulani,” anatero a Stafford. “Nenani kuti akuganiza za mwamuna amene anamuthawa. Nenani kuti wamva njala. Chilichonse.”

“Sakuyankhula, ndiye ine ndiyankhulenji?”

“Anderson sankasiya mpata ngakhale wopumira.”

“Muitaneni abwere ku Joniko. Mayi amene anapanga filimuyi akanafuna mawu pamenepa akanawaika. Si kuti anaiwala.”

A Stafford anayesa kumunyengerera. Anati anthu a kuno amakhala atatopa sabata yonse, Lamulungu amafuna kuseka, ndipo mvula amaidziwa kale, imawanyowetsa tsiku ndi tsiku. Esnat anati n'chifukwa chake akufuna kuti aione kamodzi atakhala pansi pouma. Kumapeto, mayina atayamba kukwera, anawawerenga limodzi ndi limodzi, ndi ntchito ya aliyense. A Stafford anangopukusa mutu n'kutseka laputopu. Anati zamveka, ionetsedwa mawa ikakwana thuu koloko. Anavomera msanga kwambiri, koma Esnat ndi chimwemwe sanaganizepo kanthu.

Lamulungu atatuluka ku tchalitchi sanapite kunyumba. Anali atauza amayi a gulu lake lothyola, ndipo anabwera asanu ndi mmodzi, ena a iwo asanalowepo m'kanyumbako chibadwire. Pakati pawo panali a Vailet, amene anathyola tiyi pa esitetiyo zaka zoposa makumi atatu ndipo zala zawo zinali zitapindika. Amuna ndi achinyamata anadzaza kutsogolo. Esnat anakhala benchi yomaliza, kope lake pamwendo.

Poyamba zinayenda. Anthu anaseka ataona maso aakulu a anthu a m'filimu, ndipo wina anafunsa ngati ku Japan onse amadabwa nthawi zonse. Munda wa tiyi utaoneka phokoso linatsika. Esnat anamva a Vailet akunong'oneza mnzawo kuti mwana ameneyu akuthyola ngati mlendo, aona msana mawa. Patapita kanthawi mkazi wa m'filimu uja anadzuka m'mawa atagwira msana, ndipo amayi onse a kumbuyo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Kenako panafika pakhonde paja. Mkazi anakhala pansi, madontho oyamba anagwa, ndipo m'sipika munaphulika nyimbo ya dansi, ya ng'oma zamagetsi, yomwe a Stafford ankaiika pofuna kuitana anthu pamsewu. Pamwamba pake panali mawu a eni akewo, atawapyapyalitsa ngati a mkazi, akulira kuti mwamuna wanga wandithawa ine, ndani andigulire chitenje. Achinyamata a kutsogolo anafa ndi phwete.

Esnat anaimirira, napita kutsogolo akudumpha miyendo ya anthu, nazula waya wa sipika. M'kanyumbamo munangotsala kulira kwa jenereta.

“Alamu, mwapenga?” anatero a Stafford ali pakhomo.

“Mawu awa si anga, ndipo si a filimuyi. Munavomera dzulo pamaso panga.”

“Nyumba ino ndi yanga.”

“Nyumba ndi yanu. Filimu si yanu.”

Anthu anayamba kukuwa kuti abwezeretse nyimbo. Wina anamuponyera khoko la nthochi, linamumenya paphewa. Esnat sanatembenuke. Anazula fulashi ya a Stafford pa TV, natulutsa yake m'thumba la siketi, momwe munali filimuyo mmene inabwerera, yopanda Chichewa. Anailowetsa pa TV. Anathamangitsa filimu mpaka pakhonde paja, nabwezeretsa waya, naima pambali pa TV atapinda manja.

Mvula inayamba kugwa m'sipika. Inkamveka padenga, kenako pamasamba, kenako m'ngalande. A Stafford anayamba kubwera kutsogolo, koma njira yapakati inali yopapatiza, ndipo a Vailet anali atatambasulira miyendo yawo m'menemo.

“Bambo a kwa Alesi, taimani kaye,” anatero mayiwo osakweza mawu. “Tamva kale za chitenje. Tisiyeni timve mvulayi.”

A Stafford sakanawadumpha amayi a msinkhu umenewo anthu akuona. Anaima pomwepo. Achinyamata anayamba kutuluka akutukwana, benchi yoyamba yonse ndi theka la yachiwiri. Esnat anawayang'ana akutuluka. Mphindi zinayi zija zinatalika kuposa mmene ankazidziwira. Pa TV madzi ankatsika pa tsamba limodzi n'kudontha, nkhungu ikukwera phiri pang'onopang'ono mpaka munda wonse unabisika, ndipo mkazi uja anangotambasula dzanja kunja kwa khonde. Bambo wina wa ku fakitale, amene anali ataimirira kuti azipita, anakhalanso pansi.

Mbali yotsalayo anaimasulira ali chiimire, ndi pakamwa pake, wopanda maikolofoni. Pamene anthu a m'filimu ayankhula iye ankayankhula, pamene akhala chete iye ankakhala chete. Mkazi uja sanagulitse munda, komanso sanakhale kumudzi. Anausiya m'manja mwa mayi woyandikana naye n'kukwera sitima. Anthu amene anatsala, mwina khumi ndi asanu, anang'ung'udza kuti yathera pati pamenepa.

Mayina atayamba kukwera, Esnat anati asadzuke kaye, amve amene anajambula zimene aonazi. Anali atatchula atatu okha pamene jenereta inazima. A Stafford anali atazungulira kuseri. M'kanyumbamo munada, kuwala kumangolowera m'mabowo a misomali. Esnat anakankha chitseko, naima pakhomo pomwe panali dzuwa, natsegula kope lake. Anawerenga dzina la mayi wotsogolera, la mkulu wa mapiri ndi nkhungu, la wojambula manja, ndi ena onse amene anawalemba, lilime likupunthwa pa mayina achilendowo. Ena anadutsa pambali pake n'kumapita. Amayi a gulu lake anadikira mpaka anamaliza.

Madzulo ake a Alesi anabwera kunyumba kwa Esnat atakwiya. Anati wachititsa manyazi amuna awo pamaso pa anthu, ndipo mkamwini akanyozedwa pamudzi pa akazi ake nkhani imafika patali. Anamuuza kuti akapepese. Esnat anati achemwali, ndikapepesa chifukwa cha waya ngati ndinawononga, koma za filimu apepese ndi iwo. Waya sunawonongeke, choncho sanapite.

Patatha masabata awiri a Stafford anatuma uthenga kuti abwerere, azimasulira za karate zokhazokha, zakale ziiwalike. Iye anabweza uthenga kuti pangano linali la mafilimu atatu, ndipo yachitatu munthu saikhudza. A Stafford anapeza munthu wina wa ku Bvumbwe woyankhula mofulumira kuposa Anderson, ndipo mabenchi awo anadzazanso. Akakumana panjira ankapatsana moni wa mawu awiri.

Esnat zinamupweteka kuposa mmene ankaonetsera. TV yaikulu ija anailakalaka, chifukwa pa iyo anaona zinthu zimene pa foni sankaziona, ngakhale timadontho ta pa waya woyanikira zovala. Koma Lolemba lina pa shedi, a Vailet anamufunsa ngati mayi wa ku Japan uja anapanga filimu imodzi yokha. Esnat anati anapanga zisanu. A Vailet anati ndiye ukudikira chiyani.

Anayamba kukumana Lamulungu masana pakhonde la Esnat, tsidya lina la msewu kuchokera ku vidiyo sho. Foni ankaiika m'mbale yachitsulo kuti mawu akule, n'kuitsamiritsa pa njerwa. Amayi ankakhala mothithikana, mitu pamodzi, ndipo batire ikatha filimu inkadikira sabata yotsatira. A Jacob atamva anati tsopano zidole zapeza mpingo. A Vailet anawauza kuti abwere adzaone kapitawo wa m'filimu ina mmene anathera, ndipo iwo sanabwerezenso.

Lamulungu lachinayi a Alesi anatulukira ndi lichero la nandolo, nati angodutsa. Anakhala kumapeto kwa khonde akusola, nkhope atayang'ana kumbali. Filimu ya tsikulo inali ya alongo awiri olimbirana nyumba ya amayi awo. Itafika pakati, a Alesi anasiya nandolo n'kunena kuti wamng'onoyo ndi wamwano, sakumva za mkulu wake. Esnat anati wamkuluyo ndi amene sanafunse mbali zonse. Anakangana mpaka a Vailet anawauza kuti akamalizire kwawo, anthu akufuna kumva.

Tsidya lina a Stafford anali atatulutsa sipika panja n'kukweza nyimbo yoitanira anthu. A Alesi anasendera pafupi ndi njerwa ija, nauza Esnat kuti abwezere pang'ono m'mbuyo chifukwa sanamve zimene wamkulu uja anayankha. Esnat anabwezera, nakweza mawu.