Masiki ya a Ndevu

Mliri utafika, aliyense pakhomo paja anapeza masiki yomukwana kupatula bambo. Bambowo anali mlonda pa sitolo ina yaikulu, ndipo anthu a mumsewu mwawo anaiwala kalekale dzina lawo, ankangowatcha a Ndevu. Zinali ndevu zenizeni, zogwera pachifuwa, zopesedwa m'mawa uliwonse ndi chipeso chakechake chimene munthu wina sankachikhudza. Akavala masiki, ndevu zinkaikankhira kumaso. Akaikokera pansi, mphuno inkasuzumira panja ngati mbewa pa una.

Tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili gwa, nakhala pampando osavula ndi nsapato zomwe.

"Bwana akuti Lolemba ndifike ndi masiki yophimba kuyambira pamphuno mpaka kunsi kwa chibwano," anatero. "Apo ayi, ndimete. Apo ayinso, ndibweze yunifolomu."

Mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha Tsabola chifukwa cha mtima wake wapachala, anaponya supuni patebulo.

"Bwana wake uti? Uja amavala masiki pakhosi ngati tayi? Ameneyo ndiye aziphunzitsa anthu za mphuno?"

"Ndi bwana, mwanangu."

"Nanga kachilomboko kamadziwa zoti ndi bwana?"

Mayi, amene ankapukuta makapu, anayankhula osatembenuka. "Lezala ilipo m'kabatimu, bambo a Tsabola. Yatsopano."

"Palibe akumeta pano!" anakuwa Tsabola. Mumtima mwake nkhani inali itatha kale: bambo ake sataya ntchito, ndevu sataya, ndipo wotaya mlandu akhala bwana uja.

Loweruka anawagwira dzanja bambo ake ngati mwana wopita naye kusikelo. Anayambira ku sitolo ya mankhwala, kumene anagula masiki yabuluu ija yongovala kamodzi. Bambo atangoikoka, lasitiki inaduka n'kuwakwapula khutu, thwa! Anatuluka atagwira khutu, wogulitsa akubisa phwete kuseri kwa masiki yake.

Pakona panali wogulitsa mumsewu atakoleka mamasiki pawaya: amaluwa, amizeremizere, ena ojambulidwa mano a nyalugwe.

"Sankhani madala, saizi ndi imodzi, imakwana aliyense!"

Bambo anayesa yamaluwa. Inangokhala pamwamba pa ndevu ngati gulugufe watera pachitsamba.

"Aliyense wake uti?" anafunsa Tsabola. "Makanda?"

"Achemwali, ine ndimagulitsira nkhope. Za nkhalango kafunseni kwina."

Bambo anachita kumukoka kuti achoke, chifukwa Tsabola anali atayamba kale kukwinya malaya.

Pomaliza anakalowa kwa telala, m'kachipinda kodzaza zidutswa za nsalu. Telala anazunguliza tepi kumutu kwa bambo, nayang'ana, nayezanso.

"Madala, apa tikuyeza nkhope kapena munda?"

"Sokani basi," anatero Tsabola. "Nsalu ikhale yophatikiza, yoti mpweya uzidutsa koma osati yoonekera. Zingwe zikhale zomanga kumbuyo, makutu awa avutika kale."

Telala anapalasa makina, ndipo posakhalitsa anatulutsa mamasiki awiri akuda, otakasuka, okhala ndi kathumba kunsi kolowetsamo ndevu. Bambo atavala, mphuno inabisika, ndevu zinalowa zonse bwinobwino. Anayasamula, anatsokomola, anakuwa "Sambani m'manja, makasitomala!" koma masiki osasuntha. Anabwerera kunyumba akuyenda monyang'wa.

"Bweretsani ndichape kaye," anatero mayi. "Telala wawagwiragwira amenewa."

Mawa lake atauma, bambo anavalanso kuti adzionere pagalasi. Kathumba kaja kanakana. Ndevu zinatumphukira uku ndi uku, mphuno pamtunda.

"Nsalu za masiku ano," anadandaula mayi. "Kungoona madzi, basi zafota."

Tsabola anatsomphola mamasikiwo, nalunjika kukhomo kuti akamuonetse telala chomwe chinameta nkhanga mpala. Ali pakhomo, anatembenuza imodzi kuti aone pomwe ayambire kulalata. Ndipo anaima. Telala anali atasoka ndi ulusi wakuda. Koma m'katimo munali mpindiro watsopano, wosokedwa pamanja mwaukhondo, ndi ulusi wobiriwira. Anakweza maso n'kuona katani wa pabalaza, amene mayi anamupinda posachedwa ndi ulusi womwewo.

"Amayi!"

"Ndili pano, usaswe mawindo."

"Nsalu yafota, eti? Yafota ndi singano?"

Mayi sanaphethire n'komwe. Anakhala pampando, nakonza mpango wawo.

"Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa chibwano chokongola, chokhala ndi kadzenje pakati. Chibadwire iwe sindinachionenso. Ndapempha, ndanyengerera, ndagula malezala mpaka achita dzimbiri. Lero bwana wandigwirira ntchito, ndiye ndingokhala manja lende?"

"Koma si chilungamo chimenecho! Ndevu ndi zawo!"

"Mwamunayo ndi wanga."

Bambo analowetsa zala m'ndevu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Mayi a Tsabola, kadzenje kaja mukukakumbukirabe?"

"Ndingakaiwale bwanji?"

Tsabola analibe nthawi ya zachikondi za anthu akuluakulu. Anatenga sizasi, nasomola ulusi wobiriwira wonse, nasita mamasiki aja, nawaika patebulo. "Mawa muvale izi, ababa. Ndipo wina asazichapenso."

Lolemba m'mawa bambo anachedwa kubafa. Atatuluka anali atavala yunifolomu ndi kamasiki kakang'ono ka mayi, kamene kanawakwana thithithi. Pachifuwa panali mbee, mabatani onse akuoneka.

Tsabola anadzambatuka pampando.

"Ababa! Ine kuzungulira tauni yonse, inu n'kukagonjera bwana wa tayi uja?"

"Bwana sindikumudziwa ine," anatero bambo. "Ndametera amayi ako."

Anavula masiki pang'onopang'ono, ngati munthu wovundukula mphatso.

Mayi anayang'ana. Anayandikira, nayang'ananso. Chibwano chinalipo ndithu, ndipo chinabwera ndi chinzake kunsi kwake. Chinali chotuwa ngati nkhuku yososola, chosiyana mtundu ndi nkhope yonse. Kadzenje kaja zaka zinakakwirira kalekale.

"Bambo a Tsabola," anatero mayi, "valani masiki."

"Ndili m'nyumba mwanga."

"Valanibe. Mliriwu ndi woopsa." Anayang'ananso chibwano chija. "Kodi zimachedwa kumera?"

Tsabola anayesa kusunga mkwiyo wake, koma unamupulumuka. Anaseka mpaka kugwira chitseko, bambo nawo akuseka, zibwano zonse ziwiri zikugwedezeka.

Mayi anatenga mamasiki a telala aja, nawapinda mwaulemu, nawaika m'kabati pamodzi ndi chipeso. "Adikire eni ake," anatero. Lezala anaiponya m'bini.

Bambo ananyamuka kupita kuntchito, ntchito yawo ili m'manja. Ali pachipata anamva mapazi kumbuyo. Anali Tsabola, atavala masiki yake, ina ili m'manja.

"Nanga iwe ukupita kuti?"

"Kukuperekezani. Mphuno yanu yalowa, ababa. Yatsala ya bwana."