Chizungu cha ku Joni

"Very worrying," anatero Che Jaffalie atagwira chipumi cha Hidaya, mkazi wawo wamng'ono. "Mutu umenewu ndi very worrying."

Ajira, mkazi wamkulu, anali chapomwepo akutembenuza usipa pathandala, ndipo anamva zonse. Anausanduliza mwaukali mpaka wina unagwera mumchenga.

Mawu amenewa Che Jaffalie anabwera nawo kuchokera ku Joni, pamodzi ndi injini ya boti ndi jekete lachikopa losadziwa kutentha kwa ku Nkope. Pagombe ponse anthu anali atazolowera tanthauzo lake: chinthu chodetsa nkhawa, chosagonetsa tulo. Mafuta akakwera mtengo, very worrying. Mwera ukakana kuleka, very worrying. Ndipo chikwatirireni Hidaya chaka chatha, ngakhale kuyetsemula kwake kunkalandira Chizungu.

Ajira yekha ndiye sanalandirepo. Anabereka ana asanu, anadwala malungo ataimirira, anasunga banja mwamuna ali kunja, koma palibe tsiku limene anadetsapo munthu nkhawa. Za chitenje chatsopano cha Hidaya analibe nazo ntchito. Chimene chinkamudya mtima chinali mawuwo, ndipo nsanje yake inali yoti sangaiulule ngakhale kwa mwana wake.

"Bambo a Naima," anatero tsiku limenelo, "inenso msanawu ukundipweteka."

"Inu?" Che Jaffalie anaseka. "Inu ndinu chitsulo, make Naima. Matenda akakuonani amathawa okha."

Ankayesa akumuyamikira. Ajira anabwerera ku usipa wake.

M'mawa mwake boti linabwera litadzaza usipa, anyamata n'kuuyanika pa mathandala onse. Ajira sanadzuke. Anamanga duku pamphumi, n'kudzifunditsa bulangeti dzuwa likuswa mtengo. Sankamva kupweteka paliponse, koma thukuta lokha linkamuthandiza bodza lakelo. Anagona akumvetsera mapazi pakhomo. Cha kumasana kunachita mdima, mvula n'kugwa yamphamvu. Iye anadziwa kuti usipa uli pamtetete wopanda woufunditsa pulasitiki, manja anamuyabwa, koma anakakamira pamphasa.

Mvula itakata anamva mapazi othamanga. Chitseko chinatseguka.

"Make Naima! Very worrying! Very, very worrying!"

Mtima wa Ajira unadumpha ngati wa namwali. Kawiri konse! Hidaya sanalandirepo kawiri. Anatsinzina, n'kubuula pang'ono kuti mawuwo apeze pokhala.

"Usipa wonse wanyowa," anapitiriza mwamunayo ali chiimire pakhomo. "Ukapanda kufutsidwa lero, mawa ndi wa agalu. Mwagoneranji nthawi ino? Tadzukani, panado ali pawindopo."

Anatuluka osafunsa n'komwe chimene chikumupweteka. Ajira anakhala tsonga, duku lili pendapenda. Analira mosatulutsa mawu.

"Odi, achemwali."

Anali Hidaya, atanyamula phala m'kambale. Munthu amene Ajira sankafuna kumuona ndi ameneyo, koma anali atalowa kale n'kugwada pambali pa mphasa.

"Ndinaona simunatuluke. Ndati mwina thupi silili bwino."

"Wabwera kudzandiseka? Pita kwa amuna akowo akakuyankhulire Chizungu."

Hidaya anamuyang'ana, kenaka anaseka mpaka phala linatsala pang'ono kutayika.

"Chizungu chija? Achemwali, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzulo atangonena very worrying anapita kukasewera bawo. Mutu unandiwawa mpaka kunja kunada. Madzi akumwa ndinakatunga ndekha."

"Komabe iwe amakuuza," anatero Ajira. "Ine zaka zonsezi ngakhale nyerere zomwezo sindinalaweko."

Hidaya anasiya kuseka. Anamupatsa sipuni, ndipo Ajira anadya, poti njala ya bodza imaluma chimodzimodzi ndi yeniyeni. Nsanje sinathe ayi. Inangosowa poluma, chifukwa mtsikanayo ndi yekhayo amene anazindikira kuti pakhomo pasowa munthu.

Masana omwewo Ajira anadzuka, n'kukoleza moto. Anafutsa usipa wonse m'madzi amchere, Hidaya akumuthandiza kuyanika, ndipo wambiri unapulumuka. Che Jaffalie anadutsa akumwetulira.

"Ndinanena ine. Chitsulo!"

Ajira anapukuta manja. Analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zake.

Kutacha, boti lopita ku Makanjira linali kukweza anthu, matumba a ufa ndi njinga. Ajira anafika atasenza chikwama, atavala chitenje chake cha pa Idi. Che Jaffalie, amene ankakonza ukonde chapafupi, anaimirira.

"Ulendo wa kuti?"

"Kwathu. Ndikaone achimwene."

"Nanga usipa?"

"Usipa uli ndi mwini wake woudera nkhawa."

Anthu a m'botimo anayamba kutchera khutu. Mayi wina wogulitsa mandasi anaseka poyera. Ajira anakwera m'botimo, ndipo Che Jaffalie anamutsatira mpaka madzi anawafika m'mawondo, jekete lachikopa lili pathupi. Anatsegula pakamwa, ndipo Ajira anadikira mawu aja. Anali atakonzeka kuwalandira n'kuwataya m'nyanja.

Sanabwere. Mwamunayo anagwira m'mphepete mwa boti ndi manja onse awiri, Chizungu chonse chitamuthawa.

"Ajira," anatero motsitsa, kumutchula dzina limene sanalitchule chibadwire Naima. "Mubweranso koma?"

Ajira anamuyang'ana kumaso. Nkhope imeneyo, ya munthu amene sagona tulo lero, Hidaya anali asanaionepo. Ajira anakhala bwino pa thumba la ufa, n'kukonza chitenje chake.

"Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, bambo a Naima," anatero. "Tachotsani manja, injini yalira."