Kakowa wa Mapazi Achikasu

"Musajambule uyo, mukungotaya nthawi," anatero mayi aja, magalasi oonera patali ali m'maso. "Uyo ndi wamkulu uja wa mlomo wachikasu. Amene akumufuna anthu a bukhu aja ali kuseri kwa mwalawo."

Amuna awo anachotsa diso pa kamera n'kuwayang'ana. Panali patapita miyezi asanamve akazi awo akulankhula motsimikiza chotero.

Madzi a nyanja yamchere anali ataphwa m'mawa umenewo, matope ali poyera mpaka kutali. Mbalame za miyendo italiitali zinali yakaliyakali kutola nyongolotsi ndi tinkhanu. Bambowa anali wojambula zithunzi za mbalame, koma kuzisiyanitsa kunkawavuta. Kwa iwo kakowa woyera anali kakowa basi. Kuyambira ali achinyamata anagawana ntchito: mwamuna kujambula, mkazi kutchula maina. Osindikiza mabuku ankayamikira bambo, koma pakhomo aliyense ankadziwa mwini maso.

"Onse ndi oyera, onse ndi owonda," anadandaula bambo. "Ndimudziwa bwanji?"

"Inu ndi mkazi mnzanga uyu mumangothamangira nthenga," anayankha mayi, akuloza kamera. "Wamng'onoyo mlomo wakuda, miyendo yakuda, koma mapazi achikasu ngati waponda mu utoto. Dikirani atukule phazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Bambo anaseka. Matenda oiwala anawalowa mayiwa pang'onopang'ono. Poyamba ankangosokoneza makiyi. Kenako anayamba kusiya poto pamoto mpaka kupserera, ndipo tsiku lina anapezeka pa siteji ya basi atavala nsapato imodzi, akuti akupita kwa amayi awo amene anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi, namwino wa mumzinda, anakhala akupempha kuti awatenge mayiwo. Dzulo lake anaimbanso foni.

"Bambo, pawiripawiri sipauzirika. Diso limodzi pa mbalame, lina pa amayi? Tsiku lina mudzalira."

"Amako akachoka kunyanja kuno ndiye atha," anakana bambo. "Kumeneko aziona chiyani pawindo? Magalimoto?"

Tsono lero, powamva akulongosola za mapazi achikasu, bambo analakalaka mwanayo akanakhalapo kuti adzionere yekha.

"Nanga tating'ono ito ta m'mphepete?" anafunsa dala, pofuna kuti azingolankhula.

"Ako ka mlomo wopindikira pansi ngati chikwakwa n'kena, ako ka mlomo woongoka n'kenanso. Musatiphatikize ngati chaka chija munandichititsa manyazi."

"Simuiwala, eti?"

"Zolakwa zanu? Ndingaiwale bwanji?"

Bambo anawakhazika bwino mayi pa kampando kopinda, nawafunditsa juzi m'mapewa. Kenako anabwerera ku kamera, yomwe anaiimika pa miyendo yake itatu, n'kulunjika kuseri kwa mwala. Kakowa anatulukira pang'ono. Anaima phee, khosi litapindika, mapazi ali m'madzi. Bambo anasiya kupuma. Dziko lonse linachepa n'kukhala kabwalo ka galasi. Mbalameyo inagwedeza matope ndi mwendo, n'kuima, n'kugwedezanso. Nthawi inapita osaizindikira. Potsiriza inatukula phazi, lachikasu ndithu, madzi akudontha. Chala chinadina, chinadinanso.

"Ndamupeza! Amake mwana, ndamupeza!"

Anacheuka. Pa kampando panali magalasi okha ndi juzi.

Anawaona kutali, kachinthu kakang'ono pakati pa matope, akulowera kumene kuli nyanja. Ndipo nyanjayo inali itayamba kubwerera. Madzi ake sabwera mwaphokoso, amayamba adzaza timifuleni ta kumbuyo kwa munthu, pozindikira uli pachilumba.

Bambo anathamanga. Matope anawavula nsapato, anawameza mpaka m'mawondo, anawagwetsa chafufumimba. Anadzuka, anakuwa, mphepo inabweza mawu awo. Mbalame zonse zinabalalika. Pomafika anapeza mayi atatitimira, madzi akuwazungulira m'ntchafu, koma nkhope ili yodekha.

Anawagwira dzanja. Mayi analichotsa mwaulemu.

"Pepani abambo, musandigwire. Ndikufuna amuna anga. Anapita kukajambula m'mawa, sanadye kanthu."

"Ndine ndemwe. Tandiyang'anani."

Mayi anawayang'anadi, mosafulumira, kuyambira kumutu mpaka pachifuwa, mmene ankachitira ndi mbalame yokayikitsa.

"Mukufanana nawo kwambiri," anatero. "Mphuno ndi yomweyo. Koma si inu. Amuna anga tsitsi lawo ndi lakuda bii. Ndiponso salira."

Funde laling'ono linawamenya onse awiri. Bambo anapukuta kumaso ndi mkono wamatope. Anafuna kutsutsa, kutchula tsiku la ukwati, kutchula mwana, koma madzi sankadikira zimenezo.

"Ndawadziwa amene mukunenawo," anatero. "Ndawaona kumtunda uko, akukufunaninso. Tiyeni ndikuperekezeni."

"Zoona? Ambuye akudalitseni."

Anazula miyendo ya mayi m'matope, umodzi kenako unzake, nawabereka kumsana. Anali opepuka kuposa mmene ankaganizira. Pa kamfuleni komaliza madzi anafika m'chiuno, ndipo mayi anawakumbatira m'khosi, akufotokoza za amuna awo kwa mlendo wachifundoyo: kuti ndi munthu wabwino, wouma mutu pang'ono, ndipo sadziwa kusiyanitsa mbalame ngakhale imodzi.

Kamera anaipeza itagwa chammbali, funde likuinyambita. Anaitola n'kuikoleka m'khosi, osaiyang'ana n'komwe.

Kunyumba anatenthetsa madzi. Anawakhazika mayi m'mphepete mwa bedi, nagwada ndi beseni kuwatsuka mapazi. Zigoba za nkhono zinali zitawacheka m'zidendene. Anawapaka mankhwala, anawasintha zovala, anawapatsa tiyi. Mayi anamwa theka n'kugona, dzuwa likadali pamutu.

Bambo anakakhala pabalaza, matope akuuma m'miyendo. Makoma onse anali zithunzi, ndipo pansi pa chilichonse panali dzina lolembedwa ndi dzanja la akazi awo. Anakhala nthawi yaitali foni ili m'manja asanaimbe.

"Bambo? Kwagwanji?" anafunsa mwana uja, kumbuyo kukumveka phokoso la m'chipatala.

"Ali bwino, agona. Koma lero nyanja ikanawatenga. Ndinangotembenuka pang'ono." Kenako anati, "Konza chipinda chija. Ubwere udzatitenge."

"Nonse?"

"Tonse."

Mwanayo sanawakumbutse zimene ananena dzulo, ndipo bambo anamuthokoza mumtima.

"Nanga ntchito yanu, bambo? Kuno kulibe nyanja. Inu mungakhale ndi ine, kapena muzingobwera kudzawaona?"

"Lero sanandidziwe, mwanawe. Amafuna amuna awo, ine ndili pamaso pawo. Tsono akadzayamba kuwafunafuna kumeneko, mumsewu wa magalimoto, adzawaperekeza ndani? Njira yake ndaidziwa ine."

Anamva mwana wawo akufwenthera. Anagwirizana za Loweruka.

Atatseka foni anatenga katoni kuseri kwa chitseko n'kuyamba kutsitsa zithunzi, akuzikulunga m'manyuzipepala akale. Pakhoma pankatsala mabala oyera a makona anayi. Ali mkati, bedi linalira kuchipinda.

"Abambo ake mwana, mwabwera?"

Anaima, chithunzi chili m'manja. Sanadziwe ngati akuitana iwo kapena mnyamata wa tsitsi lakuda uja. Anachiika pansi n'kupita pakhomo la chipinda. Mayi anali atadzuka, akuwayang'ana mwachindunji, mopanda kukayika.

"Ndabwera."

"Mwachedwatu. Taonani miyendo yanuyo, munthu wamkulu ngati mwana. Kasambeni musanandidetsere pansi."

"Ndikupita," anatero bambo. Koma sanapite msanga. Anakhala kaye pampando wa pambali pa bedi, ndi matope awo omwewo, kuti awaone akadawadziwa.