Katemera wa Kettie

Bester Nampuluma anachoka ku Phalombe ndi mkazi wake Loveness chaka chomwe anthu anayamba kuvotera zipani zambiri, n'kudzakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mitundu. Chaka chachiwiri Loveness anamwalira, kumusiyira khanda lachitsikana, dzina lake Kettie. Abale anali kutali. Matenanti anzake ankangomupatsa moni wapatali, poti ankati anthu akum'mwera ndi a chipani china.

Kettie atafika msinkhu wolandira katemera wa chikuku, Bester anamubereka ndi chitenje cha malemu mayi ake n'kupalasa njinga mpaka kusikelo ku Mitundu. Pamzere wonsewo mwamuna anali yekha. Amayi ankanong'onezana, ena kusekera m'nsalu. Panalibe womusunthira malo pabenchi, choncho anaimirira mpaka mwana atabayidwa.

Patapita masiku, thupi la Kettie linatentha ndipo anayamba kukana phala. Bester anasiya fodya ali pothyola n'kubwerera kuchipatala. Anapeza namwino yemwe anabaya mwanayo, Mayi Agnes, akutsuka m'manja.

"Mayi, mwandipwetekera mwana," anatero Bester. "Ndinabwera naye ali bwinobwino."

Namwinoyo anamugwira Kettie pachipumi, anamuyang'ana m'kamwa, kenaka anamvetsera mmene ankapumira.

"Khalani pansi, bambo a Kettie. Asilikali a m'thupi alipo amitundu iwiri. Ena mwana amabadwa nawo ali okonzeka kale. Amenewo safunsa kuti mdani ndani, chachilendo chikangolowa amathamangira pomwepo. Katemera uja ndi kachilombo ka chikuku kofoola. Asilikali oyambawo agwira kachilomboko, ndipo akukaonetsa kwa anzawo, omwe amachedwa kudzuka koma saiwala. Kutenthaku ndi ntchito imeneyo. Chikuku chenicheni chimalowa ndi mpweya, m'mphuno mpaka m'chifuwa. Chikadzabwera chidzapeza akuchidziwa kale."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Muzimumwetsa pafupipafupi, ndipo musamufunditse zambiri. Akayamba kupuma mothamanga mubwere naye msanga. Kodi kunyumba muli ndi ndani?"

"Ndife awiri omwewa."

Mayi Agnes anakhala ngati akufuna kunena china, koma panja panali mzere ukudikira. Bester anatuluka. Chiikireni maliro a Loveness, panalibe munthu amene anayankhulapo naye nthawi yaitali chotero.

Thupi la mwana linazizira, ndipo anayambanso kudya.

Fodya ali m'zigafa, chikuku chinalowa m'komboni. Ana ankatsokomola nyumba ndi nyumba, maso ali psuu. Mwana wamng'ono wa Esau, yemwe nyumba yake inayandikana ndi ya Bester, anamwalira. Kettie ankangokwawa pakhomo, osatsokomola n'komwe.

Bester anatenga khasu kukathandiza kukumba manda. Pobwerera anayenda pafupi ndi Esau.

"Pepani achimwene. Ana otsalawa, bwanji mutapita nawo ku Mitundu? Wangayu anamubaya, ndipo anandiuza kuti..."

"Zakwanuzo mumazidziwa nokha," anatero Esau osamuyang'ana.

Mbiri inawanda yoti mlendoyo anatsirika nyumba yake n'kuponyera matenda kwa anzake. Pachitsime amayi ankachotsa ndowa zawo iye akafika. Ana okulirapo, omwe kale ankabwera kudzamuseweretsa Kettie, anasiya. Lamulungu kutchalitchi benchi yomwe iye wakhala inkatsala yopanda anthu. Bester sanakangane ndi aliyense. Ankagwira ntchito yake mwana ali kumsana, akumuuza zonse zomwe akuchita ngati akuuza munthu wamkulu.

Fodya atapita kumsika, Bester anamva kuti esiteti ina ku Nathenje ikufuna matenanti. Anamanga mphasa, mapoto ndi khasu panjinga. Atangodutsa zigafa anakumana ndi Felesiya, mkazi wa Esau, atasenza nkhuni. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku.

"Bambo a Kettie, kodi katemera uja amabaya tsiku lililonse?"

"Mungopita kusikelo, mayi. Mukafunse a Agnes."

Felesiya anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo wake, osatsanzika.

Ku Nathenje kapitawo anamulozera kanyumba ka udzu kumapeto kwa mzere, kopanda chitseko. Bester anagoneka Kettie pathumba pamthunzi, anathyola tchire n'kuyamba kusesa zitosi za mbuzi zomwe zinali m'katimo.