Nsomba Yapoizoni pa Masitepe a Thames

M'chaka cha 1984, a Flywell Msowoya, amene anathawa kwawo chifukwa cha ndale, analibe china chowatonthoza ku Thamesmead, kudziko la azungu kumene anakakhala, koma kuwedza mumtsinje wa Thames. Ndodo yawo yowedzera inali mphatso ya malemu mkulu wawo. Tsiku lina sili, chinyama chandevu chonga katumbu wonenepa, inakwatula nsomba pambedza, ndodo ija n'kuthyoka pakati.

"Ndichipha chimenechi! Chidzalipira ndi moyo wake," analumbira motero a Flywell.

Mnzawo wa ku Zambia, a Anderson, anasonkhezera moto. "Mudala, fakani poizoni wa makoswe mu nsomba, muisiye pa masitepe. Sili ni nsomba chabe iyo. Shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja, tidya na machipisi, ndani anamangiwapo?"

Phyllis, mwana wa mlongo wa a Flywell, amene ankaphunzitsa sayansi, sanathe kukhala chete. "Malume, si zonse za m'madzi zili nsomba. Tishaki timene amakazinga m'mashopu ndi nsomba ndithu, timapuma m'madzi momwemo, ndipo nato tikuchepa chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso. Koma sili imapuma mpweya ngati ife, imabala mwana n'kumuyamwitsa. Lamulo la dziko lino limaletsa kuipha ndi poizoni. Komanso poizoni sasankha pakamwa."

"Iwe, m'mabuku akowo mulibe ndodo ya mkulu wanga," anayankha a Flywell.

Madzi ataphwera, a Flywell anasiya nsomba yapoizoni pa masitepe otsikira kumtsinje, nabwerera kunyumba mtima uli myaa.

M'mawa mwake akazi awo, mai Etta, anapita kukawongola miyendo ndi galu wawo, Tidzabwerera. Galuyu anamulera kuyambira ali kamwana, ndipo ndiye ankawasangalatsa masana onse amuna awo akakhala kuntchito. Galuyo anathamangira kumasitepe, n'kubwerako akunyambita kukamwa. Atayamba kufooka, a Flywell anaulula zimene anachita, koma dokotala wa ziweto anati mwachedwa.

Mai Etta sanalire pamaso pawo. Anakabwereka fosholo kwa aneba, n'kuiika m'manja mwa amuna awo.

"Mwabwezera, bambo. Tsopano kumbani."

Lamulungu lotsatira a Flywell anaima m'mbali mwa mtsinje opanda ndodo, opanda galu. Sili ija inavuuka, inawayang'ana ndi maso ake aakulu, n'kumiranso.

Phunziro: Musanatambasulire dzanja cholengedwa chilichonse, yambani mwadziwa kuti ndi chiyani. Msampha wotchera ndi mkwiyo umakola wapakhomo.