Galimoto ya Mipando Iwiri

Ntchito yanga ndi yowongola magalimoto ochita ngozi, ndipo chimene chimanditopetsa pa ntchitoyi si fumbi kapena phokoso la hamala ayi, koma achibale. Wachibale akafuna kugula galimoto yoyendapo kale amanditenga kuti ndikamuonere, koma mtima wake utagula kale. Ukamuuza kuti kunsiku kwadyeka ndi dzimbiri, amakuyang'ana ngati wamutukwanira mwana. Choncho alamu anga ataimba foni kuti Loweruka ndiwaperekeze, ndinayamba kusakasaka bodza loti ndithawire. Ndinalisiya bodzalo atanena kuti achemwali nawonso apita.

Alamu ndi dokotala wa mano, koma anapuma ntchito. Ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso, woti akamatsegula botolo umayembekeza kuti alifunsa ngati likumva kuwawa. Moyo wawo wonse ayendera chigalimoto cha banja, chonyamula ana, matumba ndi alendo osayitanidwa, koma pakamwa pawo sipankachoka galimoto imodzi: yaifupi, yothamanga, ya zitseko ziwiri ndi denga lopinda. Achemwali ankawaseka. "Mukadzapuma ntchito, bambo. Tidzagula, ndidzavala magalasi akuda, ana adzatichitire manyazi."

Ntchito anapumadi, koma pasanapite nthawi achemwali anagwa m'bafa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono, mawu n'kumatuluka amodziamodzi. Mzimayi amene ankatilamulira tonse kuyambira ine ndili mwana tsopano ankayenda pa chikuku chokankhidwa. Alamu nkhani ya galimoto anaikwirira. Amene anaifukula ndi achemwali, ndipo anawakakamira mpaka anagonja. Ine ndinkadziwa chimene chinkawadya mumtima achemwali angawo. Sankafuna kukhala munthu amene anapha loto la mwamuna wawo.

Pamalo ogulitsira magalimotowo tinapeza mwiniwake, bambo wamimba amene anthu amangomutcha Makiyi chifukwa cha chimulu cha makiyi cholendewera pa lamba wake. Umayamba kumumva asanaoneke. Anatilandira ndi manja awiri, nawagwira dzanja alamu nthawi yaitali, kenako maso ake anagwera pa nsapato zanga zodontheredwa penti. Kumwetulira kwake kunachepako. Ogulitsa magalimoto amatidziwa ife ngakhale titasamba.

Anationetsa chigalimoto chakuda cha mabwana, cha mipando yachikopa yofunda yokha kukazizira, ndi china chotuwa chachitali chokwera ndi sitepe. Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpanda, kunali kagalimoto kachikasu kogwada pansi, matayala ake otambalala, mphuno yake yonunkhiza miyala. Sindikonda kutengeka ndi magalimoto, ndaona ambiri ali matumbo kunja, koma kameneka kanandimezetsa mate.

Ndinayamba ntchito yanga. Choyamba ndimagwira boneti ndi chikhatho, chifukwa wogulitsa wochenjera amayamba watenthetsa injini m'mawa kuti utsi wabuluu uthe ogula asanafike. Kenako ndimatsegula potsirira oyilo kuona ngati muli thovu, ndimagwada kuona mmene matayala adyekera, ndipo pomaliza ndimatulutsa kamaginito kanga kokulunga m'kansalu n'kumakayendetsa m'mbali mwa galimoto. Pamene pali chitsulo kamakakamira. Pamene anamatapo phala lobisira mabala a ngozi kamatsetsereka.

Ndili mkati mwa zimenezi ndinazindikira kuti alamu sakundiyang'ana n'komwe. Anali atawakhazika achemwali pa benchi pamthunzi, atapinda chikuku, n'kumayenda nacho galimoto ndi galimoto. Akatsegula buti, amachilowetsa, amatseka, amagwedeza mutu, amachitulutsa. Kenako amatsegula chitseko, amayeza kutalika kwa mpando ndi bondo lawo. Kachikasu kaja ankakazemba ndi maso ngati chibwenzi chakale chimene wakumana nacho uli ndi mkazi wako.

"Chakudachi chili bwino, alamu," anatero kwa ine. "Chikuku chikulowa chonse, malo n'kutsala."

"Injini mwaimva?"

"Injini muimva ndinu. Ine ndaona kale zofunika."

Pamenepo achemwali anaitana kuchokera pa benchi. Mawu awo masiku ano ndi otsika, koma akadali ndi mphamvu yoimitsa munthu pakati pa njira.

"Bambo."

"Mayi?"

"Tabwera kudzagula galimoto yanu, kapena ambulansi yanga?"

Makiyi anayamba kuseka, koma ataona nkhope zathu anasandutsa kusekako chifuwa. Alamu anaima chikuku chili m'manja, atasowa pochiika.

"Ndimangoona malo, mayi."

"Bweretsani chikuku changa. Mundikankhe. Uko." Analoza kachikasu ndi dzanja lamoyo.

Tinawakankhira kumeneko. Ine ndinayendetsa kamaginito kanga kuyambira kutsogolo. Kumanzere kanakakamira bwinobwino. Nditazungulira kumanja, kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo, kanangotsetsereka n'kugwera m'dzanja mwanga. Mtima wanga unakhumudwa, chifukwa ndinali nditakakonda kagalimotoko, koma imeneyi ndiyo ntchito imene ananditengera.

"Iyi inachitapo ngozi. Mbali yakumanja yonseyi ndi phala."

"Aaa, bwana, kungokhudzana pang'ono ndi geti basi," anatero Makiyi.

"Getilo linkathamanga kwambiri," ndinamuyankha, ndikugona chagada kuti ndione kunsi. Ndinaunika ndi tochi mbali zonse. Mafupa a galimoto anali owongoka, ndipo amene anaikonza sanali wongophunzira. Ndinadzuka n'kunena zomwezo, kuti inavulala koma anaichiza bwino.

"Wati mbali yakumanja?" anafunsa achemwali.

"Eya, achemwali."

"Ndiye ndi mnzanga ameneyu. Ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Ndilowetseni."

Kulowa sikunavute. Makiyi anadina batani, denga linadzipinda lokha n'kukabisala kumbuyo, ndipo ine ndi alamu tinawatsitsa achemwali pang'onopang'ono mpaka anamira mumpando. Alamu anawamanga lamba, anawaikira dzanja lakufa pamwendo, anazungulira n'kukhala pa chiwongolero. Atatembenuza kiyi, injini inabangula mpaka agalu a kuseri kwa mpanda anayankha. Ndinaona makutu a alamu akusuntha. Bambo wa imvi uja anali akumwetulira ngati mwana wopatsidwa njinga.

Makiyi salola galimoto kutuluka iye asali momwemo, koma mipando inali iwiri yokha ndipo yonse inali ndi eni ake. Anazungulirazungulira, makiyi ali ngwerengwere, mpaka anagonja. Ine ndi chikuku tinatsala ngati chikole. Alamu anatuluka pageti mwaulemu wawo wonse, atayatsa ndi indiketa yomwe ngakhale msewu unali wopanda kanthu. Atakhota pakona tinangomva kulira kwa injini kukukwera, kukukwerabe, mpaka Makiyi anagwira pamtima.

"Madala amenewa mwati ndi dokotala?"

"Wa mano. Musaope, akagunda akonza okha."

Anachedwa ndithu. Pobwera, tsitsi la achemwali linali litaima mbali zonse, misozi ya mphepo ili m'masaya, ndipo ankaseka. Chigwereni m'bafa muja ndinali ndisanamvepo kuseka kumeneko. Kunkatulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma kunali komwe kuja kwa kale, kokweza, kopanda manyazi. Ndinayang'ana kumbali, ndinanamizira fumbi.

"Iwe," anandiitana, "alamu akowa ndi chigawenga. Zaka zonsezi ndimagona ndi chigawenga osadziwa."

Tonse tinaseka, ndipo m'kuseka momwemo ndinakankhira chikuku pafupi ndi chitseko. Apa ndi pamene tinazindikira kupusa kwathu. Anthu atatu akuluakulu, wina dokotala, wina wogulitsa magalimoto, wina wowakonza, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo za kutuluka.

Kunyumba alamu amawanyamula achemwali kuchoka pabedi kapena pampando, zinthu zofika m'mawondo. Mpando uwu unali pafupifupi pansi, wozama ngati beseni, ndipo pakati pa mpandowo ndi kunja panali chitsulo chotambalala choti mwendo udumphe. Alamu anawerama, anawagwira m'khwapa, anakoka. Msana wawo unakana. Ine ndinayesa kuchokera kumbuyo, kudzera pamene panali denga, koma ndinangowakweza pang'ono, mwendo wakufa n'kukodwa pansi pa dashibodi. Achemwali anabuula. Makiyi anabwera kudzathandiza, anagwira pamene sanayenera kugwira, diresi inakwera mpaka m'ntchafu, nsapato imodzi inagwera pansi pa galimoto.

Anthu anayamba kusonkhana. Ena obwera kudzaona magalimoto, ena ongodutsa pamsewu, aliyense ndi nzeru zake. Wina ankati tichotse mpando, wina ankati tiitane anthu a kuchipatala. Mayi wina ananena mokweza, ngati achemwali ndi ogontha, kuti munthu wodwala chonchi amamuvutitsiranji. Ndinamuyang'ana mayiyo mpaka anachoka, koma mawu ake anali atafika kale.

Kuseka kuja kunali kutatheratu. Achemwali anakoka diresi ndi dzanja limodzi, osakwanitsa, ndipo anatseka maso. Ndinawamvera chisoni choti sindingathe kuchifotokoza. Awa ndi amene ankandisambitsa ndili mwana, amene sanatulukepo pakhomo tsitsi lisanapesedwe.

Alamu ndi amene anaimitsa chipwirikiticho. Anavula jekete n'kuwafunditsa miyendo, anapempha anthu mwaulemu kuti asunthe, kenako anaima n'kumayang'ana mpando, chitseko ndi mkazi wawo, mmene ndikuganiza kuti ankayang'anira dzino lovuta asanaligwire. Anakankhira mpando kumbuyo mpaka pothera. Anagwada pamiyala ndi thalauza lawo labwino, anatulutsa mwendo wakufa ndi manja awiri, kenako wamoyo, n'kuwatembenuza achemwali kuti ayang'ane kunja.

"Mayi, dzanja lanu m'khosi mwangamu. Gwirani zolimba. Mukamva ndikudzuka, pondani ndi mwendo wabwinowo."

Anadzuka nawo limodzi, mawondo ali thethethe, ndipo ine ndinalowetsa chikuku kumbuyo kwawo. Anakhala. Ndinatokosa nsapato ija pansi pa galimoto n'kuwaveka. Alamu ankapuma mwawefuwefu atatsamira chitseko.

"Tengani chakudacho," anatero achemwali, maso ali pansi. "Ndamva. Ndinalakwa ndine."

Makiyi, amene mphuno yake imanunkhiza malonda ngakhale pamaliro, anayamba kale kusanthula m'chimulu chake kufuna kiyi wa chakudacho. Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo kunena zoona ndinaona kuti yatha mwanzeru. Koma alamu sanasunthe.

"Tibwerezenso," anatero.

"Chiyani?"

"Kulowa ndi kutuluka. Ulendo woyamba chilichonse chimavuta. Dzino langa loyamba kuzula, wodwalayo anandithawa lili theka."

"Bambo, musandichititsenso manyazi."

"Manyazi tachita kale, mayi, atha. Alamu, gwirani chikuku."

Sanadikire yankho. Anawerama, achemwali anazengereza, kenako dzanja lawo linakwera lokha m'khosi mwa amuna awo. Anawatsitsira mumpando, anapuma, anagwada, mwendo wakufa, mwendo wamoyo, kutembenuka, kudzuka. Ulendo uno chikuku ndinachiika molakwika ndipo anandikalipira, munthu amene sindinamumvepo akukalipira ngakhale mphaka. Tinabwerezanso. Anapeza kuti achemwali akagwira pamwamba pa galasi lakutsogolo poyamba, theka la kulemera limachoka pamsana pawo. Anapezanso kuti bondo lawo likufunika kansalu kogwadira. Anthu oonerera anatopa n'kumwazikana, poti panalibenso chochititsa chidwi, anali madala awiri chabe akulowa ndi kutuluka m'galimoto. Ulendo womaliza unali wosalala moti Makiyi anaomba m'manja, ndipo ndikukhulupirira kuti sanali kuombera malonda okha.

"Nanga chikuku?" anafunsa achemwali. "Mu buti simulowa ngakhale chikwama."

Apo ndiye panali panga. Ndinayang'ana kumbuyo kwa galimotoyo n'kunena kuti ndiwotcherera kachitsulo konyamulira pamwamba pa buti, ndikapenta chikasu chomwecho, anthu aziganiza kuti inabwera choncho kuchokera ku fakitale. Ndinawauzanso alamu kuti matayala akumbuyo atha, mabuleki akufuna kuonedwa, ndiponso kuti galimoto zoterezi zimamwa mafuta ngati zili ndi chisoni. Anavomera zonse ndi mutu, koma sindikuganiza kuti anamva ngakhale chimodzi.

Achemwali anali atakhalanso m'kachikasu muja, chitseko chili chotsegula. Anawayang'ana amuna awo, malaya atanyowa ndi thukuta, mawondo a thalauza atatuwa, dzanja lili pamsana.

"Bambo, simukubwerera ku unyamata. Tsiku lina mudzagwada pamenepo osadzukanso. Nanga tsiku limenelo ndidzatuluka bwanji?"

Alamu anatseka chitseko pang'onopang'ono, anazungulira, anakhala pa mpando wawo n'kuwamanga lamba achemwali.

"Tsiku limenelo sitidzatsika, mayi. Tidzangopitirira."

Achemwali anatenga dzanja lawo lakufa ndi lamoyo, analinyamula, n'kuliika pa bondo la amuna awo.