Tsamba la Malemu a Mukaro

Mai Mukaro anakana mpando. Anaima pakati pa ofesi, matope ali mpaka m'mawondo, n'kuponya zingwe zitatu patebulo la Nyaradzo, pambali pa kompyuta.

"Landirani zingwe. Ng'ombe zake ndakwirira dzulo."

Nyaradzo anaimirira msanga. Iyeyu ndiye ankayang'anira buku la alangizi a ziweto a ku Gutu, buku limene anthu makumi anayi analemba mothandizana kwa zaka zitatu, aliyense kuikamo zimene akudziwa. Mwezi wathawo analiika pa intaneti, ndi kabokosi pamwamba koti mlimi azingolembamo vuto lake, yankho n'kutuluka. Tsiku lotsegulira anapha mbuzi, navina mpaka fumbi koboo.

"Pepani, amayi, pepani kwambiri. Ndi matenda a nkhupakupa aja?"

"Matenda ake ati? Ndi mankhwala. Mwana wanga Ruvimbo anabwera ndi botolo kuchokera ku Masvingo. Ndinati funsa pafoni paja mmene tingasungunulire. Analemba kuti nkhupakupa, ndipo dzina la bambo ake linatulukira pamwamba penipeni. Zitsekerero zisanu m'ndowa imodzi. Tsono ine ndikanatsutsa mwamuna wanga?"

Tongai, amene anamanga tsamba la pa intanetilo, anasiya kutafuna chimanga chake chootcha. Nyaradzo anadziwa pomwepo chimene chachitika.

A Mukaro ndiwo anaphunzitsa ntchito pafupifupi onse m'gululo. Malangizo awo analemba nthawi ya mankhwala akale, ofooka. Amene ali m'masitolo tsopano ndi aukali, chitsekerero chimodzi chimakwana, ndipo alangizi ena anali atalemba kale tsamba latsopano. Koma pamaliro a mkuluyo chaka chatha, gulu linalonjeza pamanda kuti mawu ake sadzakhudzidwa ngakhale chilembo chimodzi. Choncho Nyaradzo anangoika chenjezo kumayambiriro kwa buku, lonena kuti muyeso wa a Mukaro ndi wakale. Anaganiza kuti anthu aziwerenga monga buku limawerengedwera, kuyambira kutsogolo. Kabokosi kofufuzira sikadziwa ulemu wotero. Kamamunyamula munthu n'kukamutula pakati pa buku, chenjezo osaliona n'komwe.

"Ndinanena ine," anatero Tongai chapansipansi. "Ndinati tichotse, kapena tilembe chenjezo patsamba pomwepo. Munati kulemba pamwamba pa mawu a womwalira n'chipongwe. Munati mawu a akulu amakoma akagonera. Agoneratu, ndi awa."

"Tongai, si nthawi yake ino."

"Nthawi yake inali liti, asisi? Pamene munkavina?"

"Musakangane pamaso panga," anawadula Mai Mukaro. "Yatsala imodzi, nayonso ikungochucha dovu. Mvula yagwa, anzanga akulima, ine ndikukumba maenje. Ndionetseni pamene analembapo."

Nyaradzo anatembenuza kompyuta. Panali chithunzi cha a Mukaro atavala chipewa chawo chaudzu, akumwetulira, ndipo pansi pake panali mawu aja. Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kuwerenga sankadziwa bwino, koma nambala 5 anaizindikira.

"Ndi anthu angati aona zimenezi?"

Tongai anafufuza, ndipo mwano wonse unamuthera. "Kuyambira Loweruka, mazana awiri ndi khumi ndi asanu ndi awiri."

"Fufutani."

"Amayi, tinalonjeza pamanda," anatero Nyaradzo. "Ndiyenera kuyamba ndafunsa gulu lonse."

"Munalonjeza ndani? Ine munandifunsa? Mwamuna wanga anagwira ntchito zaka makumi atatu osapha ngakhale nkhuku ya munthu. Akanakhala moyo, akanang'amba yekha pepala limeneli tsiku lomwe mankhwala anasintha. Inu ndi ulemu wanuwo mwamuphetsa ng'ombe ali m'manda, kuyambira ndi za m'khola lake lomwe. Fufuta, mwana iwe."

Nyaradzo anachita manyazi aakulu, oposa chisoni chimene anali nacho pamaliro paja. Anakhala pansi, nadina kawiri. Chithunzi chinachoka pamodzi ndi mawu ake. Tongai analembanso kuti nkhupakupa m'kabokosi, ndipo tsamba latsopano linatuluka pamwamba: chitsekerero chimodzi.

"Kuno kwatha," anatero Tongai. "Koma amene anajambula kale n'kutumizirana m'magulu a pafoni, zimenezo sindingazifikire. Madzi akatayika saoleka."

Mai Mukaro anamanga bwino mpango wawo, natuluka osatsazika, kuthamangira basi ya masana kuti akaone ngati yotsalayo ikadali moyo.

Nyaradzo anatulutsa mndandanda wa alangizi onse makumi anayi. Anagawira Tongai theka, ndipo iye anayamba ndi a Chinyoka, mlangizi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli makola ambiri. Foni inalira kasanu ndi kamodzi asanayankhe. Kumbuyo kunkamveka ng'ombe kulira ndi anthu kukuwa.

"Aa, Nyaradzo! Buku lathu lija likuthandizatu," anatero a Chinyoka mosangalala. "Ndinatumizira mudzi wonse malangizo a mphunzitsi wathu."

"Bambo, imani kaye. Musathire mankhwalawo. Uzani aliyense asathire!"



"Tathira m'mawa uno," anatero a Chinyoka. "Makola onse. Bwanji, chavuta n'chiyani?"